Phunziro 17: Pothera Nyumba, Poyambira Dimba

Amayi ndi abambo, m'phunziro lapitali tinaphunzira kuyesa ndi mita. Chingwe chathu chija cha mamita 10 musachitaye, pakuti tichifunanso. Poyamba tiwerenge mau awa pamodzi, mokweza, kawiri:

dambo, dimba, msipu, kasupe, malire, bwalo

Tsono tiwerenge nkhani. Aliyense awerenge ndime imodzi. Amene liwu lamuvuta, mnzake amthandize. Tisasekane.

ZIMENE TINAONA

Dzina la kwathu kuno ndi Ntengo-Wambalame. M'dzinamo muli zinthu ziwiri, mtengo ndi mbalame. Mulibe sitolo, mulibe njerwa.

Loweruka lina ife a gulu la aphunzitsi tinayenda ndi ophunzira athu kuchokera pamsika kulowera kudambo. Tinapangana kuti aliyense azitchula chimene akuona, ndipo odziwa kale kulemba azilemba. Poyamba tinalemba masitolo, chigayo, ndi masikelo a ogula chimanga ndi nyemba. Kenaka nyumba za malata zokhala ndi mipanda. Titapitirira tinapeza nyumba zosatha. Zina zafika pamawindo, zina maziko okha, pena mulu wa njerwa ndi zikhomo zinayi basi. Pakati pa zikhomozo mizere ya chaka chatha inali kuonekabe, ndi mapesi ake omwe.

Pamenepo agogo ena a m'kalasi mwathu anaima, naloza ndi ndodo.

"Aphunzitsi, lembani apa. Pano ndinkapalira ine ndi amayi anga. Apo pali chimbudzipo panali chitsime cha dimba lathu. Ng'ombe za malume zinkadutsa pali mpandapo popita kukamwa madzi."

Tinafunsa kuti, "Nanga lero zimadutsa pati, agogo?"

Iwo anati, "Zimazungulira kumsewu, abusa n'kumalimbana ndi magalimoto."

Kodi kukula kwa tauni n'koipa? Iyayi. Tauni ikakula, chipatala chimayandikira, sukulu imayandikira, ndipo mbatata yathu ya kachewere imapeza ogula. Ndiponso anthu tachuluka. Pa kalembera wa 1980, dziko la Mozambique linali ndi anthu oposa 12 miliyoni. Pa kalembera wa 2017 tinali pafupifupi 28 miliyoni. Onsewa afuna pogona. Ulongwe, amene Apwitikizi ankamutcha Vila Coutinho, anakhala tauni yodziyendetsera yokha mu 2008, ndipo amene mumapita kumeneko mwaona nyumba m'malo amene kale munkadutsa m'chimanga. Ku Furancungo, likulu la Macanga, ndalama za fodya zamanga nyumba zambiri. Nkhani yathu si yoletsa kumanga. Nkhani yathu ndi yakuti: timange pati, ndipo tisiye pati?

MINDA IMENEYI YADUTSA M'MANJA AMBIRI

Achikulire mukudziwa zimenezi kuposa ife ana. Nthawi ya atsamunda, minda yambiri yachonde ya m'mapiri muno inatengedwa ndi azungu. Eni nthaka anasanduka antchito, ena anagwidwa chibalo, ena anathawira ku Joni ndi ku Rhodesia kukafuna ndalama ya msonkho. Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975, ndipo m'chaka chomwecho kunalengezedwa kuti nthaka yonse ili m'manja mwa Boma m'dzina la anthu onse. Mafamu amene azungu anasiya anaphatikizidwa n'kukhala kampani ya Boma yotchedwa CAIA, ndiye kuti Complexo Agro-Industrial de Angónia. Nthawi imeneyo Tsangano anali mbali ya Angonia. CAIA inkalima chimanga, mbatata ndi zipatso ndi mathirakitala, koma inagwa m'zaka za nkhondo.

Nkhondo itakula m'ma 1980, midzi yambiri kuno inatsala mabwinja. Anthu anawolokera ku Ntcheu ndi ku Dedza. Minda inamera thengo. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo mu 1993 ndi 1994 anthu anabwerera. Ambiri anazindikira minda yao chifukwa cha chulu, mwala, kapena mtengo wa pichesi umene anabzala asanathawe. Ena sanabwerere kumudzi kweni-kweni. Anakhala pafupi ndi msewu, pamene panali msika ndi chitetezo. Umo ndi mmene malo ambiri a malonda anayambira kutambasuka.

Onani tsono. Munda umene mzungu anaulanda unabwerera. Munda umene nkhondo inausiya thengo unabwerera. Koma munda umene athirapo simenti, kodi munaonapo utabwerera?

NTCHITO YA DAMBO

Anthu ena akaona dambo amati, "Malo awa akungogona." Ife tikana. Dambo limagwira ntchito usiku ndi usana, koma ntchito yake imachitikira pansi.

Tengani chiguduli, muchiviike mumtsuko, muchipachike. Madzi sathera nthawi imodzi. Amadontha pang'ono-pang'ono mpaka madzulo. Dambo ndi chimodzi-modzi. Mvula ikagwa kumtunda, madzi amatsetserekera kudambo. Udzu ndi bango zimawachedwetsa. Dothi lakuda lija la makande, pamodzi ndi mizu yoolerana, limawamwa n'kuwasunga. Mvula ikatha mu Epulo, dambo limayamba kubweza madziwo pang'ono-pang'ono. N'chifukwa chake mu Seputembala ndi Okutobala, fumbi lili koboo kumtunda, kudimba mukumba chitsime chofika m'chiuno n'kupeza madzi.

Tiwerenge zimene timatenga kumeneko. Kabichi, mpiru, anyezi, matimati, nsawawa. Chimanga cha mondokwa chimene chimatipulumutsa nkhokwe ikayamba kuoneka pansi. Mbatata ya m'chilimwe, imene imagulidwa bwino chifukwa ya mvula imakhala itatha. Udzu wofolera. Bango la mphasa. Msipu wa ng'ombe zokoka ngolo, m'miyezi imene kwina konse kwapsa. Mayi wina anatikumbutsa kuti tisaiwale nkhanu ndi milamba, zimene ana amabwera nazo osapempha ndalama kwa munthu.

Nanga dambo limafa bwanji? Silifa tsiku limodzi. Woyamba amakumba nkhuti m'mphepete mwake kuti aumbe njerwa. Potentha uvuni amagwetsa mitengo ya katope ndi mikuyu ya mumtsinje. Wachiwiri amamanga nyumba, nakumba ngalande kuti madzi achoke pakhomo pake. Wachitatu amabzala bulugamu pafupi ndi kasupe, osadziwa kuti mtengo umenewu ndi wakumwa madzi kwambiri. Malata ndi mabwalo osesedwa samwa mvula, motero madzi onse amathamangira malo amodzi, nang'amba chigwembe. Chigwembe chikazama, madzi a pansi amatsika nacho. Chitsime chimene chinali cha m'chiuno chimasanduka cha makwerero, kenaka chimauma.

Pali chinanso. Chimbudzi chokumbidwa m'dambo chimakumana ndi madzi a pansi. Madzi omwewo ndiwo amatulukira m'chitsime cha kumunsi. Matenda otsegula m'mimba ndi kolera amayenda njira imeneyo.

Tisabise. Nyumba imene ife ena a gulu la aphunzitsi timachita lendi inamangidwa padimba lakale. Mu Febuluwale madzi amatumphuka pansi pa kama. Mabuku timawaika pamwamba pa njerwa, ndipo khoma la kumadzulo lili ndi mng'alu wolowa chala. Mwini nyumba anataya ndalama, mwini dimba anataya ndiwo. Sitinapezebe amene anapindula.

Madzi a mapiri athu ano sathera kuno. Ambiri amatsikira mumtsinje wa Revubwe, umene umakathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Mu Malichi 2019 Revubwe anasefukira n'kumiza nyumba ku Chingodzi. Mu Januwale 2022, nthawi ya namondwe wotchedwa Ana, anagumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Mvula ya masiku amenewo inali yoopsa, ndipo sitikunena kuti madambo okha akadaletsa ngoziyo. Tikunena kuti dambo lililonse lamoyo limagwira gawo lake la madzi, ndipo lililonse lakufa limawataya onse kwa anzathu a kumunsi.

ANZATHU A KUMIZINDA ANACHITA CHIYANI?

Mu 1980, mzinda wa Maputo unali ndi vuto la chakudya. Boma linatsegula ofesi yotchedwa Gabinete das Zonas Verdes, ndiye kuti ofesi yoyang'anira malo obiriwira. Zigwa zonyowa za m'mphepete mwa mzinda, monga Infulene ndi Mahotas, zinapatulidwa kuti zikhale za ulimi. Olima ambiri anali amayi, ndipo ambiri mwa iwo anali osadziwa kuwerenga pamene ankayamba. Anapanga magulu a ulimi, magulu aja nagwirizana m'bungwe lotchedwa União Geral das Cooperativas, limene Mayi Celina Cossa analitsogolera zaka zambiri. Amayiwo ankalima, ankaweta nkhuku, ndiponso ankaphunzira kulemba monga tichitira ife pano. Mpaka lero masamba ambiri odyedwa ku Maputo amachokera m'zigwa zimenezo, ngakhale nyumba zikuzipanikiza mbali zonse.

Pafupi ndi ife, mumzinda wa Tete muli chigwa cha Nhartanda. M'menemo muli madimba, ndiponso muli zitsime zakuya zimene zimapereka madzi akumwa kumzindawo. Mu 1997 mzinda wa Tete unali ndi anthu oposa 100,000 pang'ono. Pofika 2017 anapitirira 300,000. Nyumba ndi zimbudzi zayandikira chigwacho, ndipo kuziletsa tsopano n'kovuta, pakuti anthu anamanga kale. Ife kuno tikadali ndi mwayi umene a ku Tete alibe. Malo athu ambiri akadali zikhomo chabe. Chikhomo chimazulika ndi dzanja limodzi.

LAMULO LIKUTI CHIYANI?

Ndime iyi tiwerenge mofatsa.

Malamulo aakulu a dziko lino amanena kuti nthaka ndi ya Boma, ndipo sigulitsidwa, sipinyolitsidwa. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito nthaka ndi kupindula nayo. Ufulu umenewu pa Chipwitikizi amaufupikitsa ndi zilembo zinayi: D, U, A, T. Tilembe m'makope mwathu: DUAT.

Lamulo la Nthaka la pa 1 Okutobala 1997 linaika njira zitatu zopezera ufuluwu. Yoyamba, kukhala pamalo motsata mwambo, monga munda umene munaulandira kwa amayi anu kapena kwa malume. Yachiwiri, ngati ndinu mbadwa ya dziko lino ndipo mwagwiritsa ntchito malo moona mtima kwa zaka zosachepera 10. Yachitatu, kupempha ku Boma. Linanenanso kuti kusowa chikalata sikuchotsa ufulu wa munthu wa njira ziwiri zoyambazo. Umboni wa pakamwa wa anansi, amuna ndi akazi omwe, umalandiridwa. Mkazi ali ndi ufulu wofanana ndi mwamuna, pa kukhala ndi malo ngakhale pa kulandira malo amasiye.

Munthu wakudza akapempha malo ku Boma, anthu a m'deralo ayenera kufunsidwa poyamba, kuti atsimikize ngati malowo alibedi eni. Apa ndi pamene timagonera ambiri a ife. Msonkhano ukaitanidwa timatuma ana, kapena timakhala kumbuyo osayankhula. Pambuyo pake timadandaula kuchitsime. Dziwani kuti lamulo lija, potchula malo a mudzi, silinatchule minda yolimidwa yokha. Linatchulanso tsala, nkhalango, msipu, potunga madzi, malo a miyambo, ndi malo amene mudzi udzakulireko m'tsogolo. Munthu asakunamizeni kuti tsala lilibe mwini chifukwa simunaligaule chaka chino.

Palinso malo amene lamulolo linawateteza, oti munthu sangatengepo DUAT. Ena mwa iwo ndi awa: mamita 100 kuzungulira kasupe, mamita 30 mbali iliyonse ya msewu waukulu, ndi mamita 15 mbali iliyonse ya misewu yocheperapo. Chingwe chathu ndi cha mamita 10. Kodi tichitambasula kangati kuti tikwanitse malire a kasupe?

PEPALA LA MAYI WINA

Mayi wina wamasiye wa m'kalasi mwathu, amene watilola kufotokoza nkhaniyi popanda kutchula dzina, anabwera tsiku lina ndi pepala m'chitenje. Analandira kwa mkamwini wake. Mkamwiniyo anati, "Amayi, pali bwana wina akufuna kubwereka dimba lija zaka ziwiri. Dindani chala apa, mulandire ndalama ya feteleza."

Kale akadadinda. Koma anali atakhala nafe miyezi isanu ndi iwiri. Pepalalo linali la Chipwitikizi, ndipo mau ambiri anam'pita. Koma pamwamba anaona zilembo zisanu, naziwerenga chimodzi-chimodzi: v, e, n, d, a. Venda. Liwuli analifanizira ndi lija limalembedwa pamakoma a nyumba zogulitsa, vende-se. Anauza mkamwini kuti, "Bambo, dikirani, ndikafunse kusukulu."

Tinawerenga pepala lonse pamodzi. Munalibe liwu la kubwereka. Munalibe zaka ziwiri. Munali kugulitsa basi, dimba pamodzi ndi chitsime chake.

Mayiyo sanadinde. Anakauza mlongo wake, amene ndiye mwini mbumba, ndipo nkhani inakafika kwa a nyakwawa. Dimba likadali lake. Koma tisakunamizeni kuti zonse zinatha bwino. Mkamwini sanam'lankhule mpaka kukolola, ndipo mwana wake wamkazi anavutika pakati. Ndiponso mnansi wa kumtunda anali atadinda kale pepala longa lomwelo. Lero pamenepo pali nyumba, ndipo chimbudzi chake chili mamita 12 kuchokera pachitsime cha mayi uja. Tinayesa tokha ndi chingwe. Madziwo akuthirirabe kabichi, koma akumwa akukatunga kutali.

Dimba limodzi silingadziteteze lokha ngati oyandikana nalo agonja. Tigwire mfundo imeneyi pokambirana.

TICHITE MASAMU

Hekitala imodzi ndi munda wa mamita 100 m'litali ndi mamita 100 m'lifupi. Tikachulukitsa, 100 × 100 = 10,000. Kwa ozolowera maekala, hekitala ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka.

Tiyerekeze kuti poloti imodzi, imene ena amati talyau, ndi ya mamita 20 kwa mamita 30. Ndiye kuti 20 × 30 = 600. Tigawe: 10,000 ÷ 600 = 16, kutsala 400. Choncho hekitala imodzi ingatuluke mapoloti 16, koma osasiya njira ngakhale imodzi. Tikasiya misewu yoti ngolo ndi galimoto ya odwala zizidutsa, atsala 12 kapena 13.

Tsono funso. Ngati mabanja 50 atsopano afuna malo, ndipo hekitala imodzi ilandira mabanja 12, pafunika mahekitala angati? Mupeza kuti ndi anayi ndi kachidutswa. Taganizani: kodi kumtunda, pa katondo ndi pa miyala, sitingapeze mahekitala asanu?

Pamene tinachita masamu amenewa ulendo woyamba, mnyamata wina woumba njerwa anaimirira. Anati, "Aphunzitsi, kumtunda kulibe madzi oumbira, ndipo eni minda ya kumtunda nawonso safuna kupereka. Ine ndili ndi mkazi ndi mwana. Ndidye chiyani, ndimange pati?" Sitinam'tsutse, pakuti ananena zoona. Abambo ena anati pasankhidwe malo amodzi okumbapo dothi, kutali ndi kasupe, ndipo womaliza kuumba azikwirira nkhuti n'kubzalamo nthochi. Ena anati eni minda ya kumtunda amene apereka malo apatsidwe gawo kudimba. Sitinagwirizane tsiku limenelo. Nkhaniyi ikadali pabwalo.

MALO A TONSE

Pali malo ena amene sali a banja lililonse: bwalo la mpira, bwalo la milandu ndi mtengo wake, mthunzi wa pamsika, njira ya ng'ombe, njira ya kuchitsime. Amenewa ndiwo amayamba kudyedwa, chifukwa palibe amene amadzuka usiku kukawalondera. Wina amasuntha mpanda wake phazi limodzi chaka chino, phazi lina chaka chamawa. Tinayesa bwalo la mpira la pafupi ndi kalasi yathu. Achinyamata anatisonyeza pamene panali golo kale. Panopa pali khitchini.

Koma taonani kumanda. Mitengo ya kumanda ili chiimire, yaitali, yachilengedwe, ndipo mbalame zimene zasowa kwina zimapezeka kumeneko. Kulibe mpanda wa waya, kulibe mlonda. Aliyense adziwa malire ake, ndipo aliyense adziwa kuti akadula mtengo, mudzi wonse um'funsa. Ngati tinatha kusunga nkhalango ya akufa, msipu wa ng'ombe ndi bwalo la ana zitikanika bwanji?

Kalasi yathu yayamba ndi chinthu chaching'ono. Tikujambula mapu a dera lathu papepala lalikulu, ndi makala ndi choko. Tikulembapo akasupe, madambo, njira za ng'ombe, mabwalo ndi manda, chilichonse ndi dzina lake ndi muyeso wake. Akatha, tidzawawerenga pamaso pa a nyakwawa ndi anthu onse, kuti olakwika akonzedwe. Kope limodzi lidzakhala kwa amfumu, lina tidzakapereka kuofesi ya Boma yoona za malo, lina lidzatsala m'kalasi. M'malire a kasupe tidzabzala katope ndi nsenjere mvula ikayamba.

TIKAMBIRANE

1. Kodi m'dera lanu muli akasupe angati amene ankatuluka madzi mu 1994 koma lero anauma? Chinasintha n'chiyani pafupi nawo?

2. Mbale wanu akakubweretserani pepala loti mudinde chala, mungam'yankhe mau otani osam'nyoza?

3. Mnyamata woumba njerwa uja mukadam'yankha chiyani inu?

TILEMBE

Lembani m'kope ziganizo izi, ndipo mudzaze mau osowa:

Dambo limasunga ________.
Tsala lili ndi ________ wake.
Sindidinda pepala ndisana________.

Lachinayi tikumana pakasupe wa kumunsi kwa sukulu, dzuwa lisanatenthe. Gulu loyamba libwere ndi chingwe ndi zikhomo 8. Gulu lachiwiri libwere ndi makope ndi mapensulo. Agogo amene mukudziwa malire akale, chonde musatsale, tidzayenda pang'ono-pang'ono.